Chingerezi chenicheni chinabisala m'timawu tating'ono

Ku Oxford, m'dziko la England, kuli anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kukonzanso dikishonale yaikulu ya Chingerezi yotchedwa Oxford English Dictionary. Mmodzi mwa iwo, Peter Gilliver, anapatsidwa liwu limodzi lokha kuti alongosole matanthauzo ake onse. Linali la zilembo zitatu: “run”. Analimbana nalo miyezi yoposa 9, ndipo pamene ntchitoyo inkatuluka mu 2011 anali atalemba matanthauzo 645, kungowerenga okhawo amene liwuli limakhala nawo likakhala mneni. Ambirife aphunzitsi anatiuza ku pulayimale kuti “run” ndi kuthamanga, ife n'kulemba m'kope, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanatinamize ayi. Anangotitsegulira chipinda chimodzi m'nyumba ya zipinda mazanamazana.

“Run” lisanalande mpando wa liwu la matanthauzo ochuluka kuposa onse, kale unali wa “set”. M'dikishonale yomweyo imene inasindikizidwa mu 1989, ya mavoliyumu 20, mneni “set” anali ndi matanthauzo 430, ndipo kuwalongosola kunadya mawu pafupifupi 60,000. Limenelo ndi buku lathunthu, lofotokoza kaliwu kamene mwana wa Sitandade 2 angakalembe osalakwitsa.

Zimenezi zimasemphana ndi mmene ambirife timaonera Chingerezi. Pamsonkhano kapena pa mtsutso wa ana asukulu, munthu akatulutsa liwu lalitali ngati njanji, anthu amagwedeza mitu kuti uyu ndiye anapita kusukulu. Koma liwu lalitali kawirikawiri ndi lofatsa. “Photosynthesis” lili ndi tanthauzo limodzi. Ukaliloweza lero, wathana nalo mpaka kalekale. Tomwe timagwetsa anthu pa mayeso, m'makalata a kuntchito ndi pocheza ndi eni chilankhulo ndi timawu monga get, put, set, run, take, off, up. Tili ngati tsabola wa kambuzi: kuchepa thupi, koma kuwawa kwake osanena. Ine ndimakhulupirira kuti wofuna kuchidziwa Chingerezi mpaka m'kati ayenera kuthera nthawi yambiri pa timawu timeneti kusiyana ndi pa mawu ataliatali oombetsa m'manja aja.

Tisanapite kutali, tisuzumire m'nyumba mwathu momwe. Aneni afupiafupi a Chichewa, aja a phatikizo limodzi monga -mva, -psa, -gwa, -dya ndi -tha, ndi amenenso asenza katundu wolemera kuposa anzawo. Timamva phokoso, timamva fungo, timamva njala, timamva kuwawa, timamva Chitumbuka, ndipo mwana wosamva sikuti ndi wogontha. Nsima ikapsa timasamba m'manja, nyumba ikapsa timalira, mango akapsa timathyola, mtima ukapsa anthu amatalikira. Mlendo wophunzira Chichewa amene analoweza kuti “kupsa” ndi “burn” adzadabwa kumva mayi akuitana ana mokondwa kuti nsima yapsa. Zimene zimamuchitikira iyeyo pa “kupsa” ndi zomwe zimatichitikira ife pa “run”. M'Chingerezi mphuno ya wodwala chimfine imachita “run”, mpopi wotsegula umachita “run”, injini yolira nayonso, utoto wa nsalu yosuluka chimodzimodzi. Woyendetsa golosale akuchita “run” golosaleyo, ndipo wopikisana nawo pa chisankho akuchita “run” pa mpandowo. Mwa onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene watuluka thukuta lothamanga.

Akatswiri a zilankhulo anazindikira kalekale kuti zimenezi sizinangochitika. Mu 1935, George Kingsley Zipf wa ku yunivesite ya Harvard anasonyeza kuti mawu amene anthu amawatchula kawirikawiri ndi amenenso amakhala afupi. Patapita zaka, Henry Kučera ndi W. Nelson Francis a ku yunivesite ya Brown, ku America, anasonkhanitsa mawu pafupifupi 1 miliyoni kuchokera m'manyuzipepala, m'mabuku ndi m'zolemba zina za chaka cha 1961, n'kuwawerengetsa pa kompyuta. “The” linapezeka ka 69,971, kapena tinene mawu pafupifupi 7 pa 100 alionse. Lachiwiri linali “of”, lachitatu “and”. Chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti mawu 135 okha, obwerezedwabwerezedwa, anakwana theka la mulu wonsewo.

Khasu lolimira tsiku lililonse ndi limene limatha msanga n'kutsala kachitsulo kochepa, ndipo mawu nawonso amatha pakamwa. Chitsanzo chimene chimandikhudza ndi “lord”, liwu limene Baibulo la Chingerezi limaika pamene ife timati Ambuye. Zaka 1,000 zapitazo linali “hlaford”, lochokera ku “hlaf-weard”, kutanthauza wosunga buledi. “Hlaf” ndi liwu lomwe lero timalilemba kuti “loaf”. Mbuye anali amene ankasunga chakudya n'kumadyetsa anthu ake, kwathu kuno tikanati mwini nkhokwe. “Lady” linali “hlaefdige”, wokanda ufa wa buledi. Mibadwo inawaseteka mawuwa mpaka kutsala tizidutswa. Chingerezi chakale chinalinso ndi timichira kumapeto kwa mawu, tosonyeza ntchito ya liwu m'chiganizo, koma timichirato tinathothoka: “sunu” linasanduka “son”, “nama” linasanduka “name”, “lufu” linasanduka “love”.

Kumene timawuti tinachokera

Timawu tambiri ta tsiku ndi tsiku ndi takale kuposa mawu ena onse m'chilankhulochi. Tinabwera ndi mitundu ya Angles ndi Saxons imene inawoloka nyanja kuchokera kumadera amene lero ndi kumpoto kwa Germany ndi Denmark, n'kukhazikika ku Britain m'zaka za m'ma 400. Mawu awo ndi a pakhomo ndi kumunda: man, wife, child, house, cow, sheep, sun, moon, eat, drink, sleep. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 700 kunayamba kufika a Viking ochokera ku Scandinavia, poyamba kudzafunkha, kenako kudzakhazikika kumpoto ndi kummawa kwa England. Anakwatirana ndi eni dziko n'kusiya timawu monga sky, skin, leg, egg, take, get, ill, ngakhalenso “they” ndi “them”. Kubwereka dzina la chinthu n'kosavuta, ifenso tinabwereka buku, kapu ndi supuni. Koma mtundu ukafika pobwereka mlowam'malo ngati “iwo”, ndiye kuti anthuwo anafika podyera mbale imodzi.

Kusakanikirana kumeneku sikunayende myaa. William Caxton, amene anabweretsa makina osindikizira mabuku ku England mu 1476, analemba mu 1490 za amalonda ena amene chombo chawo chinaima posowa mphepo, iwo n'kutsikira kugombe la Kent, kummwera kwa England, kukafuna chakudya. Mmodzi anapempha mayi wina “eggys”, kutanthauza mazira. Mayiyo anayankha kuti sadziwa Chifalansa. Wamalondayo anapsa mtima, poti nayenso Chifalansa sankachidziwa. Nkhani inatheka mnzake atanena kuti munthuyu akufuna “eyren”, liwu lakale la Chingerezi cha kummwera, ndipo mayiyo anamva. Awiri onsewo anali Angerezi, kukanika kumvana pa dzira. Pomaliza “egg” la a Viking ndi limene linapambana.

Mu 1066 William wa ku Normandy, dera la ku France, anagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa chinakhala chilankhulo cha kunyumba yachifumu ndi kubwalo la milandu, Chilatini cha kutchalitchi ndi cha ophunzira, Chingerezi n'kutsalira anthu wamba. N'chifukwa chake zinthu zambiri zili ndi mawu awiri kapena atatu, lalifupi la kumudzi ndi lalitali la kuofesi: “buy” ndi “purchase”, “end” ndi “terminate”, “ask” ndi “interrogate”, “get” ndi “obtain”. Ndimaona kuti ulemu umene timapereka kwa mawu ataliatali tinautengera kwa Angerezi eni ake, amene nawonso anakhala zaka mazana akuuzidwa kuti chilankhulo cha makolo awo n'chosayenera pamaso pa akuluakulu. Chonsecho liwu lalitalilo limangogwira kangodya kamodzi ka ntchito ya lalifupi lija. “Obtain” lingalowe m'malo mwa “get” pokhapokha ponena za kupeza chinthu. Koma “get tired” ndi kutopa, “get home” ndi kufika kunyumba, “get married” ndi kulowa m'banja, “get it” ndi kumvetsa chimene chanenedwa, ndipo monsemu “obtain” silingaponde.

Pali kaliwu kamodzi kamene mbiri yake imamveka msanga kwa ife kuposa kwa Angerezi a lero, ndiko “you”. Chingerezi chakale chinkasiyanitsa iwe ndi inu ngati mmene timachitira ifemu. “Thou” ndi “thee” anali iwe, “ye” ndi “you” anali inu. M'kupita kwa nthawi, potengera Chifalansa, anthu anayamba kunena “you” kwa munthu mmodzi pomulemekeza, ndendende mmene timanenera inu kwa apongozi kapena kwa amfumu. “Thou” linatsalira ana, antchito, okondana, komanso munthu amene ukufuna kumuchepetsa. M'zaka za m'ma 1600 a mpingo wa Quaker anakana kusankha anthu motero, n'kumanena “thou” kwa aliyense, ngakhale woweruza milandu, ndipo anazunzika nazo. Mapeto ake ulemu unameza zonse: aliyense anakhala inu, iwe n'kufa. Ndiye chifukwa chake mpaka lero timati “you are” ngakhale kwa munthu mmodzi, ndi mneni wa anthu ambiri. Munthu akamva “thou” m'Baibulo la King James la 1611 kapena m'nyimbo zakale za kutchalitchi amayesa ndi liwu la ulemu wapamwamba, pamene pakati pa anthu linali liwu la pachibale.

Kamneni kakakumana ndi kanzake

Pamene pagona vuto lalikulu ndi pamene kamneni kakafupi kagundana ndi kaliwu kena kakang'ono monga up, off, out, in, on kapena over. Samuel Johnson, amene anatulutsa dikishonale yake yotchuka mu 1755, anavomereza m'mawu oyamba kuti kaphatikizidwe kameneka ndi kamene kamasautsa kwambiri alendo ophunzira Chingerezi. Tengani “put”, kuika. “Put on” ndi kuvala. “Put out” ndi kuzimitsa moto. “Put off” ndi kukankhira chinthu ku tsiku lina, komanso kunyansitsa munthu mpaka chinthu asachifunenso. “Put up” ndi kukweza, kumanga, kapena kugoneka mlendo, koma mukangowonjezera “with”, “put up with” ndi kupirira khalidwe losautsa la wina. “Put down” ndi kutula pansi, kunyoza munthu pagulu, kapenanso kupha chiweto chimene chadwala mosachiritsika. Zonsezi zachokera pa zilembo zitatu.

Ife eni Chichewa sitiyenera kuchita nazo mantha, chifukwa ntchito yomweyi timaigwira tsiku lililonse, kungoti ife timasintha mneni kumchira kwake. Kugwira, kugwiritsa, kugwirira, kugwirana, kugwirizana, kugwidwa, kugwirika. Tsinde ndi limodzi, koma anthu amene agwirizana sikuti agwirana ndi manja, ndipo kugwiririra ndi mlandu waukulu wolowa nawo kundende. Palibe Mchewa amene akamva “kugwirizana” amayamba waganiza za “kugwira” n'kumalumikiza zidutswa. Amalidziwa ngati liwu palokha. Ndi mmenenso “give up”, kutaya mtima n'kusiya, “give in”, kugonjera wina, ndi “give away”, kupereka chaulere kapena kuulula chinsinsi, ayenera kuphunziridwa: lililonse ngati liwu latsopano, limodzi ndi chiganizo chimene mwalipezamo. Kulakwitsa kumene ndimakuona kawirikawiri ndi kotsegula dikishonale, kuwerenga tanthauzo loyamba, n'kutseka. Pa mawu a mtundu uwu, tanthauzo limene mukulifuna nthawi zambiri lili kumunsi kwenikweni kwa tsambalo, pamene maso afika atatopa.

Timawu tina tinachita kudulidwa. “Bus” linali “omnibus”, liwu la Chilatini lotanthauza “ya onse”, dzina la ngolo zokokedwa ndi mahatchi zonyamula aliyense wolipira, zimene zinayamba kuyenda mu London mu 1829. Anthu anataya mutu wa liwulo, umene unali ndi tanthauzo, n'kusunga mchira umene pawokha sunena kanthu. Mchira umenewo ndi umene timakwera lero pa Wenela, basi ndi minibasi. “Van” linadulidwa ku “caravan”, “flu” ku “influenza”, “fan” wa mpira ku “fanatic”, “pub” ku “public house”. Mu 1710 mlembi Jonathan Swift anadandaula kuti kudula mawu kotereku kukuwononga chilankhulo, ndipo limodzi mwa mawu amene ankadana nawo linali “mob”, chigulu cha anthu osokoneza, lodulidwa ku Chilatini “mobile vulgus”. Lero “mob” lili m'dikishonale iliyonse, ndipo timalimva pa nkhani za anthu olanga okha oganiziridwa kuba.

Gulu lina limakhala m'mitu ya nkhani za m'nyuzipepala, kuphatikizapo The Nation ndi The Daily Times kwathu kuno. Mkonzi amakhala ndi malo ochepa ndi zilembo zikuluzikulu, choncho amasaka kaliwu kokwana pampatapo. Apolisi akamanga munthu amati “nab”, akamamufunsa mafunso amati “quiz”, akamafufuza amati “probe”. Kuchotsa munthu ntchito ndi “axe”, liwu lomwe lija la nkhwangwa. Kumugwetsa pampando ndi “oust”. “Rap” ndi “slam” ndi kudzudzula, “mull” ndi kulingalira, “woo” ndi kukopa, “vow” ndi kulonjeza motsindika, “bid” ndi kuyesa kupeza chinthu, ndipo “hike”, limene kwina limatanthauza ulendo wapansi wokwera mapiri, m'nyuzipepala ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Chenjerani ndi “row”. Likamveka ngati “cow” ndi mkangano, likamveka ngati “go” ndi mzere kapena kupalasa bwato. Ambiri mwa mawu amenewa eni chilankhulo sawatchula pocheza. Kwawo ndi pamutu wa nkhani basi, ndipo kuwalowetsa m'kalata yofunsira ntchito n'kuvala jombo paukwati.

Zitsa zotsala m'munda

Tsopano timawu tosowa. Tina tinafa kalekale, koma tinatsala m'kachiganizo kamodzi ngati chitsa chotsala m'munda mtengo utadulidwa. “Eke” kale linkatanthauza kuwonjezera, lero limangopezeka mu “eke out a living”, kupeza kangachepe kongokwanira kuti tsiku lidutse. Komabe linabisala m'liwu limene tonse timalidziwa. Dzina lowonjezera linkatchedwa “an ekename”, anthu n'kumamva ngati “a nekename”, ndipo umo ndi mmene “nickname” linabadwira. Chilembo “n” chimenechi chinasamukanso mobwerera: “a napron” linasanduka “an apron”, epuloni ya kukhitchini, ndipo “a nadder” linasanduka “an adder”, njoka ya gulu la mphiri.

“Fro” silimayenda lokha, limangopezeka mu “to and fro”, kupita uku ndi uku. “Kith” limamatirira pa “kith and kin”, anansi ndi abale. “Ado” ndi chipwirikiti kapena kuchulutsa zochita, ndipo oyendetsa mwambo paukwati akamati “without further ado” akungonena kuti tisatayenso nthawi. “Nigh”, pafupi, limamveka la m'Baibulo, koma ana ake tili nawo pakamwa tsiku lililonse: “near” poyamba linkatanthauza pafupi koposa, “next” pafupi kuposa zonse. Ndipo ngati munadabwapo kuti “go” limasanduka bwanji “went” posonyeza nthawi yakale, yankho ndi lakuti “went” si mwana wa “go”. Ndi wa mneni wina, “wend”, amene anazilala n'kutsala mu “wend your way”, ndipo “go” anangotenga mwana wamasiyeyo n'kumulera.

“Let” ndi lochititsa chidwi mwapadera. Timalidziwa kuti ndi kulola, koma kunali “let” wina, wochokera ku tsinde losiyana, wotanthauza kutsekereza. Pasipoti ya Britain imapempha kuti mwini wake adutse “without let or hindrance”, popanda chomutchinga, ndipo pa masewero a tenisi mpira woyambira ukakhudza ukonde n'kugwera malo oyenera amati “let”. Zilembo n'zomwezo, matanthauzo kuyang'ana kosiyana.

Oopsa kwambiri ndi mawu amene sanafe koma anasintha tanthauzo mwakachetechete, chifukwa munthu umaganiza kuti wamva pamene sunamve. “Corn” kwa Amereka ndi chimanga, koma ku England kuyambira kale linkatanthauza dzinthu, makamaka tirigu. Mukawerenga mu King James kuti abale ake a Yosefe anapita ku Iguputo kukagula “corn”, musaone chimanga m'maganizo. Mbewu imeneyo inali isanachoke ku America. “Meat” kale chinali chakudya chilichonse, ndipo “deer” inali nyama iliyonse ya m'tchire, osati gwape yekha. Chijeremani mpaka lero chimati “Tier” ponena nyama. “Bead”, mkanda, linkatanthauza pemphero, ndipo linasamukira pa mkanda chifukwa cha anthu owerenga mapemphero pa korona. “Nice”, limene timalimwaza paliponse poyamikira, linachokera ku Chilatini “nescius”, mbuli, ndipo litangolowa m'Chingerezi linkatanthauza wopusa. “Fast” poyamba linali kulimba osagwedezeka, monga mu “hold fast” ndi “fast asleep”. Kuthamanga ndi kusala kudya zinaphuka pa tsinde lomwelo, ndipo “breakfast”, mfisulo, ndi kumasula kusala kwa usiku wonse.

Palinso timawu tosowa ta mtundu wina, tomwe timakhala ndi moyo chifukwa cha masewero. Scrabble, masewero opanga mawu polumikiza timatabwa ta zilembo, imene Alfred Mosher Butts wa ku America anaikonza m'zaka za m'ma 1930 n'kupatsidwa dzina limeneli mu 1948, imalipira bwino munthu wodziwa mawu a zilembo ziwiri, poti ndi amene amalola kulumikiza mizere iwiri nthawi imodzi. Mndandanda wa mawu ololedwa wa Collins, umene umagwira ntchito pa mipikisano ya m'mayiko ambiri, uli ndi mawu otere opitirira 120. Muli “qi”, mphamvu ya moyo malinga ndi chikhulupiriro cha ku China. “Aa”, chiphalaphala chokhakhala cha phiri lophulika, liwu la ku Hawaii. “Ai”, kanyama kaulesi ka zala zitatu ka ku South America. “Xu”, kandalama ka ku Vietnam. “Jo”, wokondedwa m'chilankhulo cha ku Scotland. Ndi “zo”, chiweto cha ku Tibet chobadwa pokweretsa ng'ombe ndi yak, nyama yaubweya wambiri yonga ng'ombe. “Qi” ndi lamtengo wapatali chifukwa Q ali ndi mapointi 10 ndipo apa safuna U. Ku Africa kuno masewerowa ali ndi akatswiri enieni: mu 2015 Wellington Jighere wa ku Nigeria anakhala munthu woyamba wa mu Africa kupambana mpikisano wa dziko lonse, ku Perth m'dziko la Australia. Chaka chomwecho Nigel Richards wa ku New Zealand anapambana mpikisano wa Scrabble ya Chifalansa asakulankhula Chifalansa, atangoloweza mndandanda wa mawu. Luso limenelo ndi lalikulu, koma likutionetsa kuti kudziwa kuti liwu lilipo n'kosiyana ndi kudziwa chilankhulo. Timawu ta Scrabble n'tosangalatsa kutidziwa, koma ndikanakhala ndi ola limodzi lophunzitsa mwana wa Fomu 4, ndikanalithera pa “get” ndi “take”, osati pa “xu”. Tosowa tina tothandizako ndi ta zipangizo ndi ziweto: “adze” ndi kasemasema, “awl” ndi kachitsulo kosongoka koboolera chikopa ka osoka nsapato, “ewe” ndi nkhosa yaikazi, “sow” ndi nkhumba yaikazi likamveka ngati “cow”, koma ndi kufesa likamveka ngati “go”.

Kalembedwe kali ndi kachinsinsi kake kothandiza. Timawu tolumikiza chiganizo timaloledwa kukhala ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri, koma mawu otchula chinthu kapena ntchito kawirikawiri amafuna zitatu. Ndiye pali “in” ndi “inn”, nyumba ya alendo; “be” ndi “bee”, njuchi; “or” ndi “ore”, mwala wa m'migodi; “by” ndi “buy”; “I” ndi “eye”. N'chifukwa chakenso egg, add, odd ndi “ebb”, kuphwa kwa madzi, ali ndi chilembo chobwereza. Ochepa okha monga “ox” ndi “go” ndi amene anazemba lamuloli.

Khutu lathu nalo limavutika kwambiri pa timawu tifupitifupi. Chichewa chili ndi mavawelo asanu, pamene Chingerezi cha ku England chili ndi pafupifupi 20. Hat, hut, hot, hurt ndi heart ndi chipewa, kanyumba, kutentha, kupweteka ndi mtima, koma pakamwa pathu amafuna kusanduka liwu limodzi kapena awiri. “Live” ndi “leave”, kukhala ndi kuchoka, amasiyana pa vawelo yokha. Poti kwathu l ndi r sasintha tanthauzo la liwu, “pray” ndi “play”, “load” ndi “road”, “law” ndi “raw” amatisokoneza. Liwu lalitali ukalitchula molakwika womvera amalizindikirabe poona mbali zotsalazo. Kaliwu ka zilembo zitatu kalibe mbali yotsala.

Kochepetsetsa pa tonse ndi “a”, kamene kanachokera ku liwu lakale “an”, lotanthauza chimodzi. Chichewa chilibe “a” kapena “the”, choncho timangotiponya paliponse kapena kutisiya, poganiza kuti n'tokongoletsa chabe. Koma “go to prison” ndi kukagwira ukaidi, pamene “go to the prison” ndi kupita kundendeko, mwina kukaona m'bale. “Few people came” ndi dandaulo lakuti anthu sanabwere mokwanira, pamene “a few people came” akunena kuti anabwerako ndithu angapo. Ndipo dokotala akatuluka m'chipinda cha wodwala n'kunena kuti “there is a little hope”, ndiye kuti chiyembekezo chilipo ndithu ngakhale n'chochepa. Akanena kuti “there is little hope”, yambani kuitana abale.